Chithunzi Chopanda Chitupa: Zojambula za ku Mbare ndi Highfield pa Msika wa Okushoni

Pa 30 Januwale 1998, ku nyumba ya malonda ya Christie's mumzinda wa New York, kunagulitsidwa kachithunzi ka mtsikana woyang'ana cham'mbali. Kanajambulidwa ndi choko chakuda, chofiira ndi choyera pamodzi ndi inki, pa chikopa chopalidwa bwino, ndipo kukula kwake n'kongoposa pang'ono pepala lotayipapo kalata: masentimita 33 m'litali ndi 24 m'lifupi. M'buku la malonda a tsikulo akatswiri a kampaniyo analemba kuti kanali ntchito ya Mjeremani wina wosadziwika wa m'zaka za m'ma 1800. Amene anapambana, mayi wina wochita malonda a zaluso dzina lake Kate Ganz, analipira madola 21,850. Mu 2007 mayiyu anagulitsa kachithunzika kwa Peter Silverman pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi umene iye anagulira.

Posakhalitsa Martin Kemp, pulofesa wa mbiri ya zaluso wa ku Oxford, analengeza kuti dzanja limene linagwira choko chimenechi linali la Leonardo da Vinci. Iye anati mtsikanayo ndi Bianca Sforza, mwana wa wolamulira wa mzinda wa Milan, amene anakwatiwa mu 1496 n'kumwalira chaka chomwecho, ndiponso kuti chikopacho chinadulidwa m'buku lina limene likusungidwa ku Warsaw. Anakapatsa dzina lakuti La Bella Principessa. Nyuzipepala zinayamba kutchula mitengo yoposa madola 100 miliyoni. Jeanne Marchig, mayi wamasiye amene anapereka kachithunzika ku okushoni mu 1998, anasumira Christie's mu 2010, koma khoti linati nthawi yodandaulira inali itadutsa. Akatswiri ena ambiri anakana maganizo a Kemp, ndipo mu 2015 Shaun Greenhalgh, Mngelezi amene anakhalapo m'ndende chifukwa chopanga zaluso zachinyengo, ananena kuti anakajambula ndi iyeyo mu 1978, potengera nkhope ya mtsikana wina wogulitsa m'sitolo ku Bolton. Mkanganowu sunathe. Pa zaka zonsezi palibe mzere umodzi wa choko umene unasintha pa chikopacho; zimene zinkasintha ndi dzina lolembedwa pansi pake, ndipo mtengo unkatsata dzinalo monga mwana wa ng'ombe atsatira make.

Nkhani ya ku New York imeneyi ndinaikumbukira nditakhala m'chipinda chochezera cha nyumba ina ku Highfield, imodzi mwa malokeshoni akale a mzinda wa Harare. Mwini nyumbayo, mayi wachikulire wobadwira komweko koma wolankhula Chinyanja chosakanikira Chishona, anatsitsa pakhoma chithunzi cha malemu bambo ake. Chinali chojambula pamanja ndi choko ndi makala pa pepala lolimba lofiirira: mwamuna wovala jekete ndi tayi, maso ali tong'o, tsitsi atalilemba mzere pambali monga ankachitira anyamata a m'tauni m'zaka za m'ma 1950. Mdzukulu wawo ankafunika ndalama za sukulu, ndipo wina anali atawauza kuti azungu amagula zithunzi zakale pa okushoni. "Bambo, inu mwawerenga mabuku," anatero mayiwo, "tandiuzani ngati chimenechi chingagulidwe." Yankho loona linali lalifupi ndi lokhumudwitsa. Chifukwa chake ndicho chachitali, ndipo chili m'mbiri ya malokeshoniwa.

Liwu lakuti okushoni si lachilendo kwa ife. Tinalidziwira ku fodya. Msika wa okushoni wa fodya unatsegulidwa ku Salisbury mu 1936 ndipo ku Limbe mu 1938, ndipo mlimi aliyense amene anaimapo pafupi ndi belo lake akudziwa mmene mtima umagundira pamene ogula akudutsa. Koma pa okushoni ya fodya wogula amatola tsamba, kulinunkhiza, kulitambasula n'kuona mtundu wake. Katunduyo amadzilankhulira yekha. Pa okushoni ya zojambula zakale ntchito yaikulu imachitika nyundo isanagunde, m'chipinda cha katswiri wolemba buku la malonda. Iye akalemba dzina la wojambula popanda mawu ena, ndiye kuti kampani ikutsimikiza. Akalemba kuti chithunzi chikuganiziridwa kuti n'cha uje, mtengo umatsika. Akalemba kuti n'cha wophunzira wa uje, kapena cha wina wa m'nthawi ya uje, umatsikanso, mpaka kufika pansi penipeni pamene amangotchula dziko ndi zaka. Kenaka amafuna mndandanda wa onse amene anakhalapo eni ake a chithunzicho, umene m'malonda amenewa amautcha provenance: malisiti, makalata, zidindo za kumbuyo, mabuku a zionetsero. Akatero amaika mtengo woyerekeza ndi mtengo wotsikitsitsa umene mwini katundu angavomere, ndipo katundu akagulidwa kampani imadula gawo lake kwa wogulitsa n'kuwonjezeranso lina kwa wogula. Mwachidule, chithunzi chimafunsidwa mafunso amene mlendo amafunsidwa pachipata: ndiwe yani, wachokera kuti, mapepala ako ali kuti?

Mafunso amenewa anthu a ku Mbare ndi Highfield anawamva kwa zaka zambiri, pakuti malokeshoniwa anamangidwa pa mapepala. Atsamunda anakhazikitsa Salisbury mu 1890, ndipo mu 1907 anasamutsira lokeshoni ya anthu akuda pamalo pamene lero pali Mbare. Dzina lake panthawiyo linali Harari, ndipo ndi limene makolo athu ankatchula akamati uje anapita ku Halale. Highfield inamangidwa m'zaka za m'ma 1930. Wolemba mbiri Tsuneo Yoshikuni anaonetsa kuti kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 antchito ambiri akuda a mumzindawu sanali a m'dzikomo, koma ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Ankayenda pansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi n'kulowera ku Mutoko, mpaka pamene boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole aulere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, amene anthu anangowatcha Ulere. Anachuluka kotero kuti mu 1912 mpingo wa Dutch Reformed unatumiza m'busa T.C.B. Vlok kuchoka ku Nyasaland kukawatumikira, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Ambiri sanabwerere kwawo. Kumudzi anawatcha matchona, ndipo Zoe Groves analondola mbiri yawo m'buku lake la mu 2020.

Mwamuna aliyense wa anthu amenewa ankayenda ndi chitupa. Lamulo la malo la mu 1930 linagawa dziko potsata khungu, ndipo lamulo la mu 1946 lokhudza malo ogona ndi kalembera wa anthu akuda m'matauni linamangiriza ufulu wogona mumzinda ku ntchito imene munthu anali nayo. Boma linkalemba mosamala dzina la wantchito, mfumu yake, boma la kwawo, msonkho wake ndi bwana wake. Palibe ofesi imene inkalemba kuti wantchito yemweyo, kapena mwana wake, amadziwa kujambula nkhope ya munthu.

Komabe kujambula kunalipo, ndipo kunkaphunzitsidwa. Edward Paterson, wansembe wa mpingo wa Anglican wobadwira ku Aberdeen mu 1895 n'kukulira ku South Africa, anaphunzira zaluso ku London asanalowe unsembe. Mu 1940 anatsegula sukulu ya Cyrene pafupi ndi Bulawayo, kumene mwana aliyense ankayenera kujambula, kuphatikizapo ana olumala amene sukulu zina zinkawakana. Paterson sankaonetsa ophunzira ake zithunzi za akatswiri a ku Ulaya, poopa kuti angayambe kukopera, ndipo ankawalimbikitsa kudzaza pepala lonse mpaka m'mphepete. Ku Cyrene ndiko kunachokera Sam Songo, komanso Kingsley Sambo amene pambuyo pake ankajambula makatuni m'nyuzipepala ya African Daily News. Mu 1953 Paterson anachoka ku Cyrene n'kupita ku Salisbury, kumene anathera zaka zoposa makumi awiri akuphunzitsa m'malokeshoni: poyamba pa Chirodzo ku Mbare, kenaka pa Nyarutsetso ku Highfield m'zaka za m'ma 1960, ndipo pomaliza pa Farayi ku Mbare komweko mpaka imfa yake mu 1974. Ana ambirimbiri anadutsa m'makalasi amenewa, m'malokeshoni mmene munali modzaza mabanja a ku Nyasaland. Ena, monga abale awiri Boira ndi Richard Mteki, anadzatchuka pa ntchito yosema miyala. Onani kuti anatchuka atasiya pepala n'kugwira mwala.

Chifukwa chake chikupezeka kutsidya lina la njanji, pakati pa mzinda. Mu Julaye 1957 kunatsegulidwa nyumba yoonetseramo zaluso ya Rhodes National Gallery, imene lero ndi National Gallery of Zimbabwe, ndipo mkulu wake woyamba anali Frank McEwen, munthu amene anakhala zaka zambiri ku Paris ndipo ankadziwana ndi akatswiri otchuka a kumeneko. McEwen anachita zazikulu zimene sitingazikane. Anapatsa penti ndi nsalu alonda a m'nyumbamo, ndipo mmodzi wa iwo, Thomas Mukarobgwa, anajambula zithunzi zimene zinakalowa mu Museum of Modern Art ku New York pambuyo pa msonkhano waukulu wa chikhalidwe cha Africa umene McEwen anachititsa ku Salisbury mu 1962. Koma McEwen ankanyoza zaluso za ku mishoni. Iye ankafuna kuuza dziko lapansi nkhani ya luso lotumphuka lokha m'mitima ya anthu osaphunzitsidwa, lochokera ku mizimu ya makolo, ndipo mwana wa ku Highfield wojambula ndi pensulo m'kalasi ya wansembe sankakwanira m'nkhani yotere. Ofufuza monga Elizabeth Morton ndi Jonathan Zilberg aonetsa kuti angapo mwa osema amene McEwen ankawatama anali ataphunzira kale kwa Paterson kapena ku mishoni ya Serima, koma mbali imeneyi ya mbiri yawo sinkatchulidwa kawirikawiri. Pamene ziboliboli zawo zinakaonetsedwa ku Musée Rodin ku Paris mu 1971, zinapita ndi dzina limodzi lokha, lakuti zosema za Ashona.

Dzina limeneli linagulitsa malonda, koma linameza anthu. Mu 1966 Tom Blomefield, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Guruve amene malonda ake anagwa chifukwa cha zilango zimene mayiko anaika boma la Ian Smith litadzilengeza lodziimira palokha mu 1965, anasandutsa antchito a pa famu yake kukhala osema miyala pamalo otchedwa Tengenenge. Ambiri mwa antchitowo anali Achewa ndi Ayao a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndi ena a ku Angola. Lemon Moses, Amali Malola ndi Josiah Manzi anali a mtundu wa kwathu kuno, ndipo m'ntchito za ena mwa iwo muli nkhope zimene aliyense amene anaonapo gule wamkulu angazizindikire. Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, anafika ku Southern Rhodesia mu 1949, anagwirapo ntchito yotola thonje, ndipo nkhondo itakula anasamukira ku Chitungwiza mu 1975, kumene anapitiriza kusema mpaka anamwalira mu 2011. Ziboliboli zake za anthu oimba mluzu zimapezeka m'mabuku a okushoni ku Ulaya ndi ku America, nthawi zambiri pansi pa mutu womwe uja wa zosema za Ashona. Fanizani anali ndi mwayi chifukwa dzina lake lenileni linapulumuka, ndipo analizokota yekha pamwala. Mtundu wake ndiwo unasowa m'buku la malonda.

Pepala lilibe mphamvu za mwala. Zojambula za Cyrene zinapulumuka chifukwa cha mwayi umene suchitika kawiri. Zitaonetsedwa ku London mu 1949 ndi m'mizinda ina m'zaka zotsatira, mazanamazana a zithunzizo anaiwalika m'chipinda cha pansi cha tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Shoreditch, mpaka pamene anapezeka mu 1978. Zinaonetsedwanso ku London mu 2020 pa chionetsero chotchedwa The Stars Are Bright, ndipo mu 2022 zinafika ku National Gallery ku Harare, patapita zaka zoposa 70 chichokereni m'dzikomo. N'zomvetsa chisoni kuvomereza, koma kuiwalika m'chipinda chamdima cha ku London kunazisunga bwino kuposa mmene chikondi cha eni ake chikanazisungira ku Mbare. Choko sichilowa m'pepala ngati inki. Chimangokhala pamwamba ngati fumbi, moti chala chimodzi chikhoza kufufuta tsaya la munthu. Dzuwa limachititsa pepala kufiira ndi kuuma, chinyontho chimabweretsa nkhungu, utsi wa mbaula ndi wa nyali ya palafini umadetsa galasi n'kulowa mkati, ndipo chiswe chimamaliza zotsala. M'nyumba ya zipinda ziwiri yogona anthu khumi, kapena m'mahositelo a Matapi mmene mabanja amagawana chipinda ndi nsalu, chithunzi cha pepala chokhala zaka 70 ndi chinthu chosowa kwambiri. Msika ukanakhala wotsata kusowa kwa chinthu kokha, mayi wa ku Highfield uja akanalemera.

Pali chinthu china chimene katswiri wa okushoni amayamba wayang'ana akalandira chithunzi cha mtundu umenewu. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku Ulaya ndi ku America kunali malonda otenga kachithunzi ka kamera, kukakulitsa mosaoneka bwino pa pepala lalikulu, kenaka n'kudutsamo ndi choko kapena makala kuti chioneke ngati chojambula pamanja. Amalonda oyenda khomo ndi khomo anafikitsa zithunzi zokonzedwa motere m'malokeshoni a ku South Africa, kumene mabanja ankapempha kuti awonjezere suti kapena diresi la ukwati limene mwini wake sanavalepo. Pa msika zithunzi zimenezi n'zotsika mtengo, ngakhale kuti kwa wolemba mbiri n'zamtengo wapatali, monga mmene Santu Mofokeng anaonetsera m'ntchito yake ya The Black Photo Album, yosonkhanitsa zithunzi za mabanja akuda a m'matauni za pakati pa 1890 ndi 1950. Cha ku Highfield chija ndinachiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu ndipo pansi pa choko panalibe chithunzi cha kamera. Munthu anakhala pansi, nayang'ana mnzake, najambula. Pa ngodya ya m'munsi panali zilembo ziwiri zofufutika theka, ndipo panalibe chaka.

Apa ndi pamene yesero limabwera, ndipo ndivomere kuti linandifikira. Nyumbayo ili ku Highfield, kumene Paterson anaphunzitsako. Kukanakhala kosavuta kulemba kalata yonena kuti chithunzichi chikuganiziridwa kuti n'cha wophunzira wa Paterson, ndipo mawu ochepawo akanatha kuchipezera malo m'buku la malonda, popeza zaluso za Cyrene zayamba kufunidwa. Koma umboni panalibe, ndipo mbiri zabodza zambiri za m'malonda amenewa zimayamba chomwechi, ndi munthu wa mtima wabwino wofuna kuthandiza. Sikuti msika umakana nkhope za Aafirika. Pa 28 Febuluwale 2018 kampani ya Bonhams ku London inagulitsa chithunzi cha penti chotchedwa Tutu pa mapaundi oposa 1.2 miliyoni, chitapezeka m'nyumba wamba kumpoto kwa mzindawo. Koma Tutu anabwera ndi mayina awiri olemera: wojambula anali Ben Enwonwu, katswiri wamkulu wa ku Nigeria, ndipo wojambulidwa anali Adetutu Ademiluyi, wa banja lachifumu la ku Ife. Bambo a mayi uja anali kukhi wa m'nyumba ya mzungu.

Mapepala amene mabanja a matchona anali nawo anacheperanso m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ofesi ya kalembera inalamula kuti aliyense amene kholo lake linabadwira kunja akane unzika wa dziko la khololo potsata malamulo a dzikolo, apo ayi ataya unzika wa Zimbabwe. Anthu obadwira ku Mbare, amene sanapondepo ku Malawi, anapezeka kuti zitupa zawo zikuwatcha alendo, ndipo ambiri sanavote mu 2002. Vutoli linadzakonzedwa m'malamulo aakulu a dziko a mu 2013, amene anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC. Pakati pa zaka zimenezi panagwa Murambatsvina. Kuyambira mu Meyi 2005 apolisi ndi akatapila anagumula timanyumba ta kuseri ndi misika m'malokeshoni, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya bungwe la United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Munthu wopatsidwa maola ochepa kuti agwetse nyumba yake yekha amayamba wapulumutsa malata, mabulangete ndi mapoto. Makalata akale, malisiti ndi zithunzi zinagona panja m'nyengo yozizira ija, ndipo anthu amene analibe mudzi wothawirako m'Zimbabwe, monga ana a matchona, ndiwo anagona nazo panjapo nthawi yaitali.

Ndinawauza mayiwo zoona: kampani zazikulu za okushoni sizingachilandire, ndipo pa okushoni ya katundu wa m'nyumba mumzindamo wogula angapereke ndalama chifukwa cha felemu ndi galasi, zosakwana ngakhale yunifolomu ya mdzukuluyo. Anakhala chete kanthawi, kenaka analowa kuchipinda n'kutulukira ndi kachitini ka mabisiketi. M'menemo munali chitupa cha bambo awo, chopindidwa mpaka kung'ambika m'mizere. Kalaliki wa atsamunda analakwitsa kalembedwe ka dzina lawo, koma analemba bwino dzina la mfumu ndi boma la Ntcheu, ndipo m'munsi munali masiginecha a mabwana atatu ndi zaka zake. Pa mzere wa zizindikiro za pathupi analembapo kuti munthuyu ali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere. Tinabwerera ku chithunzi chija. Pamwamba pa diso lamanzere wojambula anasiya kamzere koyera ka choko kodula nsidze pakati, kamene mayiwo anati kuyambira ali mwana ankakayesa kuwonongeka kwa pepala.

Tinatenga pepala lina loyera n'kulembapo ndi pensulo dzina la bambowo monga ankalitchulira okha, mudzi wawo, chaka chimene anafika ku Halale potsata chitupacho, ndi zilembo ziwiri za pa ngodya zija monga mmene zikuonekera. Pepalalo tinaliika kuseri kwa felemu. Mayiwo anaitana mdzukulu wawo kuti azule msomali, ndipo chithunzicho anakachipachika pa khoma la kuchipinda, kutali ndi khomo la kukhitchini kumene kumachokera utsi.